Njinga Imodzi, Nkhope Makumi Atatu

Munthuyo ankangodziwika kuti Wachipewa, ndipo chimene anapempha ndi zithunzi basi.

Kabungwe kathu kanali m'shedi kuseri kwa nyumba. Bambo ankawotcherera njinga za olumala kuchokera ku njinga zakutha, n'kumazipereka ulere kwa osowa. Mwezi ukayenda bwino zinkatuluka zitatu. Ine ndinkatsuka masipoko. Achimwene anga ndiwo ankalemba makalata opempha thandizo.

"Zitatu pa mwezi?" Wachipewa anaseka, akuyang'ana achimwene. "Mphwanga, opereka thandizo amafuna unyinji. Nditumizire nkhope makumi atatu, ndikupezera makina atsopano."

Bambo sanavule n'komwe magalasi owotcherera. "Mwana wanga, bungwe limakula ngati mwana, limayamba lakwawa. Tiphunzitse anthu awiri kuwotcherera, chaka chamawa zizituluka zisanu ndi imodzi."

"Chaka chamawa n'kutali, bambo," anayankha achimwene.

Achimwene anapita kwa atelala, amene mwana wawo wamkazi tinam'patsa njinga yofiira yopitira kusukulu. "Tikaikonze mabuleki, mawa ibwera," anatero. Mtsikanayo anatsikapo yekha, n'kuthokoza.

Mawalo linasanduka milungu isanu. Njingayo inazungulira misewu yonse, achimwene akungoisintha penti. Aliyense wovomera kukhalapo ankajambulidwa, ngakhale wogulitsa makala amene amathamanga kuposa ine. Atelala ankabereka mwana wawo mpaka kusukulu. Msana utakana, mtsikanayo anasiya kupita. Ine ndinkazidziwa zonsezi, koma pakamwa pankandilemera.

Tsiku lina kunabwera mayi wochokera kwa opereka thandizo, zithunzi zili m'manja. Anaziyala pa benchi ya bambo.

"Bambo, njinga makumi atatu, koma pa mpando uliwonse pali chigamba chimodzimodzi?"

Chigambacho anasoka ndi atelala, ndi ulusi wobiriwira, tsiku limene analandira njingayo. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangozimitsa makina, n'kupatsa mayiyo mpando poti anali ataima nthawi yonseyi.

Foni ya Wachipewa sinapezekenso. Makina atsopano sanabwere, ndipo ngakhale mapaipi ochepa amene tinkalandira anasiya kubwera. Anthu analeka kutibweretsera njinga zawo zakutha. Mayeso anadutsa mtsikana uja ali pakhomo, ndipo kalasi imeneyo aibwereza.

Ndikulemba izi kuti anzanga mumve: wokulitsa ntchito yachifundo ndi bodza amabera munthu yemweyo amene akuti akum'thandiza. Ndipo woona n'kukhala chete, ngati ine, wagwirako.

Achimwene anapala penti yonse masiku awiri mpaka kufiira kunaonekanso, ine ndikutsuka masipoko. M'mawa wina anaikankha mpaka kwa atelala, ine pambuyo.

"Ndachedwa nayo," anatero, maso pansi.

Atelala sanasiye kupalasa makina awo. Mtsikanayo anakwerapo, n'kusisita chigamba chija.

"Mabuleki akugwira tsopano, achimwene?"

"Akugwira."

Anali atawakonzadi.