Kadontho ka Pakhomo la Kuchipinda

Madzulo amenewo amuna anga anali atapita kukajambula ukwati kutali, ndipo anati agona konko. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mkazi mnzanga. Ndikuti mkazi mnzanga ngakhale anamwalira ine ndisanabwere. Musaseke. Wamoyo ungathe kukangana naye, koma wakufa salakwanso kanthu.

Ntchito yathu ndi yojambula nyumba zogulitsa. Timaimika kamera pa miyendo yake itatu pakati pa chipinda, n'kumaizunguliza pang'onopang'ono. Zithunzizo timazilumikiza pa kompyuta kuti wogula aone chipinda chonse ngati waimamo. Kulumikizako ndi kwanga. Kale kunali kwa malemu.

Lamulo lake ndi limodzi: diso la kamera lizungulire pamalo amodzi. Likangosuntha pang'ono, zinthu zapafupi zimakana kukumana pa msoko. Mpando umatuluka ndi misana iwiri, tebulo limathyoka pakati. Chitsulo chathu chozungulira, chimene kamera imakhalapo, chinapindika kalekale, ndiye pamafunika kuiuza pulogalamu kuti kamera inasuntha motani pa chithunzi chilichonse. Ndikangophonya, amuna anga ankasuzumira paphewa panga n'kupumira m'mwamba.

"Malemu izi ankangoziona ndi maso, mayi."

Malemu, malemu, tsiku ndi tsiku! Makatani ake, mbale zake, ngakhale misomali yopachikapo zovala anakhoma ndi iye. Ndinadandaula chaka chathunthu kuti nyumbayi igulitsidwe, tikayambe kwina kopanda fungo la munthu wina. Mapeto ake amuna anga anavomera, koma mokokakoka. Anati ndijambule ndekha, zikatuluka bwino tiiike pamsika.

Ndiye dzuwa litalowa ndinayatsa magetsi onse, poti nthawi imeneyo mazenera sasokoneza kuwala. Ndinaimika kamera pabalaza. Ndinayambira pazenera. Khethe. Ndinazunguliza pang'ono. Khethe. Kabati ya mbale, wailesi, khomo lotulukira panja. Ine ndikuyenda kumbuyo kwa kamera kuti ndisalowe m'chithunzi.

Ndili mkati mozunguliza, chala changa chisanafike pa batani, ndinamva khethe wina.

Sanachokere pa kamera. Anachokera kumbuyo kwanga.

Ndinatembenuka. Khomo la kuchipinda linali pululu, mkati muli mdima. Ndinali nditayatsamo getsi, ndikukumbukira bwino. Ndinati mwina babu lapsa, ndipo ndinamaliza ntchito yanga ngati palibe kanthu. Mantha analipo, koma mkwiyo unali wambiri. Nyumba imeneyi iyenera kupita basi.

Ndinakhala pa kompyuta, ndinalowetsa zithunzi. Pulogalamu inazilumikiza bwinobwino mpaka inafika pa chithunzi chimodzi n'kukakamira. Kabati inang'ambika pawiri. Khoma linapindika ngati lata. Ndinasuntha nambala kumanzere. Ayi. Kumanja. Ayi. Ndinachepetsa, ndinaonjezera, ndinayambiranso. Msokowo unkangoyasamula.

Mu pulogalamu imeneyi muli pena pamene imakuonetsa chipinda ngati ukuchiyang'ana kuchokera kudenga, ndi kadontho pamalo pamene kamera inaima pojambula chithunzi chilichonse. Ndinatsegula. Timadontho tonse tinali mulu umodzi pakati pa balaza, totalikirana pang'onopang'ono chifukwa cha chitsulo chopindika chija.

Kamodzi kokha kanali kutali. Pakhomo la kuchipinda.

Chitsulo chingapindike bwanji mpaka kufikitsa kamera kumeneko? Ndinachitsegula chithunzicho pachokha. Balaza lathu lomweli, magetsi akuyaka, kamera ili pa miyendo yake. Kumbuyo kwa kamerayo kuli mzimayi wowerama, watipatsa msana, mpango wamasuka mbali imodzi.

Ineyo.

Chinajambulidwa chapansi ndithu, ndi munthu wamfupi. Ine ndine wamtali, amuna anganso ndi aatali. Zovala za malemu zimene ndinazipeza m'nyumba muno zinkandilekeza m'mawondo.

Kompyuta yathu imakhala pakhoma, ndiye wokhalapo amalipatsa msana khomo la kuchipinda. Ndinazindikira zimenezo mochedwa. Kumbuyo kwanga simenti inalira pang'ono, ngati phazi lopanda nsapato likamatuka pansi. Inaliranso. Kenako zii. Ndinamva kuzizira paphewa lamanja, pamene munthu amasuzumira akafuna kuona ntchito ya mnzake.

Sindinatembenuke. Koma pakamwa panga sindipagwira.

"Nyumba munaisiya, amayi," ndinatero. "Mwamuna munamusiya. Mukufunanso chiyani?"

Pa kompyuta kadontho kaja kanazima, n'kuyakanso. Tsopano kanali pakati pa khomo lija ndi tebulo langa.

Mmene ndinatulukira sindikudziwa. Kunandichera ndili pakhonde la aneba, wopanda nsapato, ndipo mayi a m'nyumbamo anandipeza pomwepo akutuluka ndi tsache. Sanandifunse zambiri. Pofika masana msewu wonse unali ukunong'ona kuti mwini nyumba wakana kusamuka, kuti nyumba anaimanga ndi thukuta lake ndiye sangaione ikupita ndi mlendo.

Amuna anga atafika ndinawakokera pa kompyuta. Ndinkafuna achite mantha. Ndinkafuna andigwire dzanja, anene kuti mayi, longedzani, sitigonanso muno. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinaona milomo yawo ikumasuka, maso akulengeza misozi.

"Taonani kuwongoka kwa makomawo," anatero chapansipansi. "Popanda choimikira, pamanja pokha."

"Bambo, m'chithunzimo muli ine!"

"Nyumbayi sitigulitsa, mayi."

Anachitsukitsa chachikulu, anachiika m'galasi, n'kuchipachika pabalaza. Alendo akabwera amawaonetsa makoma. Ine ndimakhala pansi pake madzulo alionse, nsanje ikundidya ngati chiswe, poti mpaka lero sanandionemo.

Koma inenso ntchitoyi ndikuidziwa. Wojambula amalozetsa diso la kamera pa chimene akuchifuna, china chonse chimachita chimbuuzi pang'ono. Ndayang'anitsitsa chithunzicho. Makomawo ndi owongoka, inde, koma si amene akuoneka bwino kwambiri. Pamene pakuoneka mbee, mpaka kuwerenga titsitsi, ndi pakhosi panga.