Kanyerere Apanga Nkhungu

Uyu ndi Kanyerere. Amamutcha choncho chifukwa sakhala pansi.

Kanyerere anali ndi mbande za tomato. Anazifesa yekha m'beseni lobooka. Mbandezo zinali zazing'ono. Zinali zowonda ngati ulusi. Kanyerere ankafuna zikule.

Dzuwa linawala kwambiri. Dothi linauma. Kanyerere anatunga madzi m'kapu. Anathira onse, khuthu.

Madzi anakumba dothi. Mbande zinagwa m'matope. Zinatsala zitatu zokha.

"Amayi, madzi agwetsa mbande zanga," anatero Kanyerere.

Amayi ankachapa matewera, khanda lili kumbuyo.

"Wathira ngati ukutsuka basi," anatero amayi. "Thira pang'ono."

Kanyerere anatenga supuni. Dontho lalikulu linagwa, tho. Mbande imodzi inawerama.

"Ndikathira, zikugwa," anatero Kanyerere. "Ndikapanda kuthira, ziuma."

"Kokera beseni pamthunzi," anatero amayi. "Ukatero, kapatse amalume ako madzi akumwa awa."

Amalume amagwira ntchito kugalaja. Amapopera magalimoto penti. Kanyerere anawapeza akupopera chitseko cha galimoto. Anali atavala chophimba kumphuno.

"Ima patali, iwe," anatero amalume. "Penti imatsokomoletsa."

Kanyerere anaima patali. Anayang'anitsitsa. Penti sinkagwa khuthu. Penti sinkagwa tho. Inkauluka ngati nkhungu.

Amalume anamaliza. Anatsuka chopopera chawo. Anamwa madzi aja.

"Amalume, penti ndi yolemera," anatero Kanyerere. "Ikuuluka bwanji?"

"Mafunso ako ndi aatali kuposa iwe," anatero amalume. "Bwera uone."

Anamuonetsa kukamwa kwa chopopera. Pakati panali kabowo. Kuzungulira kabowo kunali mpata.

"Pakati pamatuluka penti," anatero amalume. "M'mbali monse mumatuluka mpweya. Penti imayenda pang'onopang'ono. Mpweya umathamanga. Mpweya umaduladula penti, n'kukhala timadontho."

"Nanga madzi ungawadule?"

"Madzi ndiye osavuta."

Kanyerere anathamangira kunyumba. Kapu anaiiwala komweko.

Anafunafuna m'kabati. Anapeza bolopeni yakutha. Anachotsa kansonga kake. Anasuzumira kukamwa kwake. Pakati panali kachubu ka inki. Kuzungulira kachubu kunali mpata.

"Amayi, madzi pakati, mpweya m'mbali."

"Ukuti chiyani iwe?" anafunsa amayi.

Kanyerere anafotokoza zonse. Amayi anapukuta manja.

"Tsuka kachubuko kaye," anatero. "Inki ikagwera pa matewera anga, tiyambana."

Kanyerere anatsuka kachubu. Amayi anapachika botolo la madzi pamsomali. Analumikiza botolo ndi kachubu ndi kapaipi. Pambali pa bolopeni panali kabowo. Pamenepo analumikiza pampu ya njinga. Anamanga zonse ndi mphira, ndindindi.

"Tiyese pakhoma kaye," anatero amayi. "Mbande zatsala zochepa."

Amayi anagwira bolopeni. Madzi anatuluka ngati kachingwe. Kanyerere anagwira pampu.

Anapopa pang'ono. Kachingwe kanagwedera. Kanaduka madontho akuluakulu. Tho, tho, tho.

Anapopa mwamsanga. Madontho anachepa. Wa, wa, wa.

"Amayi, mwaona? Ndikafulumira, akuchepa."

"Ndaona. Koma akadali aakulu."

Kanyerere anapopa. Anapopanso. Manja anatopa. Anakhala pansi, wefuwefu.

"Lero Kanyerere wakhala pansi," anatero amayi, akuseka. "Tisinthane."

Kanyerere anagwira bolopeni. Amayi anamangitsa nsalu ya khanda. Anaponda pampu ndi phazi. Manja a amayi ndi ochapa tsiku lililonse. Ndi manja amphamvu.

Amayi anapopa. Khanda linkadumpha kumbuyo. Kachingwe kanasowa. Madontho anasowa.

Psiii.

Panatuluka nkhungu.

"Musasiye, amayi, musasiye."

Kanyerere analoza bolopeni pamwamba pa beseni. Nkhungu inatsika pang'onopang'ono. Inatera pamasamba. Inatera padothi. Dothi linada. Dothi silinakumbike.

Mbande yoyamba inaima. Mbande yachiwiri inaima. Yachitatu inagwedera pang'ono, koma sinagwe.

Kamphepo kanabweza nkhungu. Inafika pankhope ya khanda. Khanda linatsinzina. Linatulutsa lilime. Linaseka, manowo awiri okha.

"Uyunso ndi mbande," anatero Kanyerere.

"Ameneyo usamuthirire," anatero amayi. "Amadzithirira yekha."

Amayi anasiya pampu. Anakhala pakhonde, thukuta kamukamu.

"Amayi, mawa mudzapopanso?"

"Mawa adzapope amalume ako. Ndi amene ayambitsa zimenezi."

Kanyerere anaseka. Anagwada pafupi ndi beseni. Pamasamba panali timadontho towala.

"Imwani," anatero Kanyerere. "Imwani, mukule."

Amayi anamusisita kumutu. Tsitsi lake linali lonyowa. Mbande zonse zitatu zinali chiimire.