Loko Wotsala pa Berta

Anakumana podikirira basi ya kumgodi, m'mawa wina kukuzizira kochita kuluma makutu. Majken Lantto anali atangofika ku Gällivare, tauni ya migodi ya kumpoto kwenikweni kumene dzuwa limasowa nthawi ya chisanu, kudzayamba ntchito, ndipo anaima pachipale chofewa ndi tinsapato ta m'tauni, akupondaponda ngati pansi pali moto.

"Nsapato zimenezo mukabweze komwe munagula," anatero mwamuna wamtali amene anaima pambali pake. "Zala zikathothoka musadzati sitinanene."

"Ndakufunsani kodi?"

"Simunandifunse. Koma zalazo zalakwanji?"

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa masokosi aubweya. Majken anafuna kukana, koma kuzizira kwa kuno sikuona nkhope. Analandira, mtima ukugunda, osadziwa ngati n'chifukwa cha mphepo kapena maso a munthuyo.

Atalowa m'galaja yaikulu ya pamgodi, kapitawo wachikulire dzina lake Folke anaitana anthu ake.

"Awa ndi Majken. Ndi amene aziyang'anira ntchito yonse ya Berta. Akanena, mwamva."

Mwamuna wa masokosi uja anakweza dzanja kumbuyo kwa anzake. "Ndine Vidar, wowotcherera. Pepanitu abwana, ndanyoza nsapato zanu."

Berta sanali munthu. Linali dzina limene amakaniko anapatsa chigalimoto chonyamula miyala ya mkuwa, cha matayala aatali kuposa anthu awiri atasanjikizana. Chinali chitatopa, ndiye eni mgodi anaganiza zochiphwasula chonse mpaka kutsala felemu yokha, kenako n'kuchimanganso: injini yatsopano, mawaya atsopano, makamera oti dalaivala aziona kumbuyo. Ntchito ya Majken inali kuonetsetsa kuti chitsulo chilichonse chafika pa nthawi yake, munthu aliyense ali pamalo pake, ndipo Berta watuluka chisanu chisanathe.

Kuno kumpoto amuna sayankhula. Ukhoza kugwira ntchito ndi munthu mpaka imvi osadziwa ngati kwawo ali ndi galu. Ndiye taganizani mmene Majken anamvera pamene foni yake inayamba kulira ndi mauthenga a Vidar!

"Abwana a mtima wanga, lero mutadutsa pafupi, moto wanga wowotcherera unachita manyazi."

"Gwira ntchito iwe," anayankha Majken, akumwetulira yekha mu ofesi.

"Anthu akudandaula kuti dzuwa lasiya kutuluka. Ine sindikulisowa. Ndili nalo langa, limavala chisoti choyera."

Mawu otere, kwa mtsikana amene ali yekhayekha kudera la mdima, angalimbe ndani? Majken anafa naye Vidar, osatsala ndi nzeru yomwe.

Koma chikondi chawo chinali cha mseri. Pantchito ankapatsana moni ngati anthu osadziwana, chifukwa Vidar ankati bwana akamayenda ndi wantchito wake, anthu amayamba kuwerenga zokondera. Iye ankagwira ntchito sabata imodzi, sabata inayo n'kupita kwawo ku Piteå, kumene ankati amadwazika bambo ake.

Lamlungu lina masana akumwa khofi ndi mabanzi a sinamoni kunyumba kwa Majken, mtsikanayo analephera kupirira.

"Unditenge ku Piteå. Ndikufuna ndikawaone bambo ako."

"Safuna alendo, wokondedwa. Matendawa awapatsa ukali."

"Nanga tizibisala mpaka liti? Ndatopa ine, Vidar! Ndikufuna kukugwira dzanja anthu akuona. Kapena umachita nane manyazi?"

"Manyazi? Ndi iwe?" Vidar anamugwira masaya onse awiri. "Tamvera. Tsiku limene Berta adzatuluke m'galaja muja, iwe sudzakhalanso bwana wanga. Tsiku lomwelo ndidzaima pamaso pa Folke ndi anyamata onse, n'kukuveka mphete. Ndalumbira."

"Usandinamize, Vidar. Mtima wangawu ndi umodzi."

"Ndikakunamiza, dzanja langali lisadzagwirenso chitsulo."

Kuyambira pamenepo, Berta sanalinso ntchito chabe kwa Majken. Bawuti iliyonse ikamangidwa, iye ankaona mphete ikuyandikira. Injini itachedwa panjira chifukwa cha chipale, anaimba foni mpaka mawu kusasa. Oika mawaya atayamba kuzengereza, anawaimirira pamutu. Anyamata ankanong'onezana kuti mayiyu watenga Berta ngati mwana wake wobereka yekha.

Koma amene ankachedwetsa ntchito anali Vidar yemweyo. Akatseka mng'alu uwu pafelemu, mawa lake wapeza wina. Akatseka umenewo, wapezanso wina kuseri.

Tsiku lina Majken anamupeza ali yekha pansi pa Berta, ndipo anayankhula motsitsa mawu koma mokalipa.

"Ming'alu imeneyi ikubadwa usiku kodi?"

"Ukufuna felemu idzathyoke itasenza miyala, dalaivala ali m'mwambamo?"

"Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Iwe ukufuna Berta atuluke, kapena ayi?"

Vidar anatsitsa chigoba chake chowotcherera n'kuphimba nkhope. "Choka apa, dzuwa langa, moto ungakupweteke maso."

Majken anachoka mtima uli m'malere. Kodi munthuyu ankasamala ntchito, kapena ankaopa tsiku lake lomwe? Anafuna kufunsanso, koma madzulo ake uthenga unalowa: "Pepa wapamtima. Ndatopa chabe. Ndiwe wanga mpaka kalekale." Basi, mtsikana wa eni anasungunuka.

Ming'alu inatha ndithu. Injini inalowa, matayala anavekedwa, penti inauma. Mkulu wa mgodi ananena kuti abwera yekha Lachisanu m'mawa kudzalandira Berta. Lachinayi poweruka, Vidar analemba kuti: "Mawa ndi lathu. Uvale zokongola mkati mwa ovolosi."

Ndipo anavaladi! Diresi yobiriwira, yobisika bwinobwino mkati mwa ovolosi ya ntchito. Analowa m'galaja miyendo ikupepuka, maso akufunafuna munthu mmodzi. Sanamuone.

Tsono pamgodi pano pali lamulo limene ngakhale wobwera dzulo amalidziwa. Aliyense wogwira ntchito pa chigalimoto amakhoma loko wake wofiira, wolembedwa dzina lake, pa swichi yaikulu ya magetsi. Loko ngakhale mmodzi akatsala, injini siyaka, chifukwa ndiye kuti mwini wake akhoza kukhala ali m'katimo. Amachotsa loko ndi mwini wake yekha. Akaiwala n'kupita, loko sadulidwa mpaka mawu ake amveke, mboni zikumva, kuti ali kunja ndipo ali bwino.

M'mawa umenewo amakaniko anachotsa maloko awo mmodzimmodzi, akuseka. Majken anachotsa wake. Folke anachotsa wake. Panatsala mmodzi.

"Uyu ndi wa Vidar," anatero Folke, nkhope itasintha. "Alipo wamuona lero?"

Anyamata anapukusa mitu, ndipo Folke anapitiriza.

"Munthu ameneyu saiwala loko. Chiyambire sanaiwalepo. Anyamata, tengani matochi!"

Majken sanadikire tochi. Anakwera masitepe a Berta osawamva. Anasuzumira m'chipinda cha injini, anasuzumira pakati pa matayala akumbuyo, anakwawa pansi pa felemu pomwe ankamupeza masiku onse. Bwanji ngati anabwerera yekha m'bandakucha kudzaona mng'alu wina n'kuterereka? Bwanji ngati wagona penapake, magazi akuuma ndi kuzizira?

"Vidar! Vidar, yankha!"

Mawu ake anamveka galaja yonse, ndipo anyamata ena anayang'anana. Sanasamale. Anaimba foni yake, inangoitana. Anaimbanso, inangoitana.

Makaniko wina amene Folke anamutuma kunyumba zogona antchito anabwera ali wefuwefu. "Kuchipinda kwake kulibe. Galimoto yake kulibenso. Koma jekete wasiya pampando."

Kutuluka osavala jekete, kuzizira kumeneku? Majken anaona msewu wa ku Piteå m'maso mwake, woterera, wamdima, nyama zikudumpha kuchokera m'nkhalango. Mwina bambo ake aja atsikira kuli chete? Nanga bwanji sanamuuze iye, mkazi amene amuveke mphete lero?

Mkulu wa mgodi anali atafika kale, akuyang'ana wotchi.

"Majken, kudzenje lokumba miyala akudikira galimoto imeneyi. Mwafufuza, munthu mulibe. Dulani lokoyo tizipita."

"Sitidula."

"Mwaona nokha kuti galimoto yake kulibe!"

"Galimoto si munthu. Sindinamve mawu ake, ndiye sitidula!"

Folke anagwedeza mutu kuvomereza. "Akunena zoona mayiwa. Imbaninso, Majken. Muike pa sipika, tonse timve."

Anthu anaunjikana mozungulira swichi. Majken anaika foni pachikhatho. Mumtima ankangopempha chimodzi: akhale moyo, zinazo tidzakambirana. Inaitana, inaitana, kenako wina anayankha.

"Halo?"

Anali mawu a mkazi. Otopa, ofewa, koma osangalala.

Majken anayandikiza foni pakamwa. "Ndikufuna Vidar Renberg. Kuno ndi kumgodi."

"Eya, ndaona palembedwa kuti Abwana. Mutikhululukire, foni inali m'thumba, tinalibe nthawi yoiyang'ana. Ine ndine Ylva, mkazi wake. Manja ake ndi otanganidwa pang'ono, wanyamula mwana."

"Mwana?"

"Wamkazi! Wafulumira kubwera, sitimamuyembekezera mwezi uno. Nditamuimbira m'bandakucha anangodzuka n'kuliyatsa, ndipo wafika nthawi yake yeniyeni. Mwana wathu woyamba ali kwa agogo ake, sakudziwa n'komwe kuti wapeza mlongo."

Kuseri kwa mawuwo kunamveka kulira kwa khanda.

Galaja yonse inaphulika. Anyamata anaimba malikhweru, ena akumenya masipanala pazitsulo.

"Mwana wachiwiri! Tambwali ameneyu, osatiuza n'komwe kuti ali pabanja!"

"Anatimana keke wokondwerera mwana woyamba ameneyo! Akabwera agule makeke awiri!"

Ngakhale mkulu wa mgodi anaiwala wotchi yake n'kuseka nawo. Ndi Folke yekha amene sanaseke. Iye anali akuyang'ana dzanja la Majken, ndi kansalu kobiriwira kamene kanatulukira pakhosi pa ovolosi yake.

"Inu abwana ake," anapitiriza Ylva, "zikomo kwambiri. Amakutamanitu kunyumba kuno. Amati mumawapanikiza, mpaka Lamlungu lina sabwera n'komwe, koma akuti ndinu munthu wabwino mtima. Dikirani, ndimuikire foni kukhutu."

Lamlungu! Majken anamva ngati wina wamuthira madzi oundana mumsana. Bambo odwala aja anali awa? Ukali wa matenda uja unali uwu? Ming'alu yosatha ija, manyazi a pantchito aja, zonse zinaima pamzere pamaso pake. Anamva kupweteka, anamva manyazi, ndipo choipitsitsa n'chakuti kachigawo kena ka mtima wake kopusako kanali kakusangalalabe kuti munthuyo ali moyo.

"Halo," anatero Vidar. Mawu okoma aja anali atauma gwa. "Majken... abwana... ndikufotokozerani bwinobwino ndikabwera."

"Uli pa sipika," anatero Majken. "Folke akumva, mkulu wa mgodi akumva, anyamata onse akumva. Uli ndi mawu oti uwauze anthuwa lero?"

Khanda linaliranso kumbali inayo.

"Ndi... ndingoti pepani chifukwa cha loko."

"Chabwino." Majken anaimirira mowongoka, n'kufunsa monga mmene lamulo limanenera. "Vidar Renberg, uli kunja kwa galimotoyi?"

"Ndili kunja."

"Uli bwino?"

"Ndili bwino. Majken, chonde..."

"Ukuvomera kuti tidule loko wako?"

Vidar anapuma mozama. "Ndikuvomera."

"Mboni zamva. Uwapatse moni mayi a mwana. Usamale banja lako."

Anadula foni. Folke anali atabweretsa kale chodulira zitsulo, ndipo anamuyandikira n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mwana wanga, pita ukakhale pansi mu ofesi. Ndidula ine."

"Ayi, Folke. Ntchitoyi ndi yanga."

Anagwira chodulira ndi manja awiri n'kupana. Koyamba chinaterereka. Kachiwiri anaikapo mphamvu zake zonse, mano ali gwa, mpaka loko anati thapu n'kugwera pasimenti. Folke anakweza swichi. Foni ya Majken inanjenjemera m'thumba, uthenga walowa, kenako wina. Sanaitulutse.

Anakweza dzanja kwa dalaivala amene anali atakhala kale m'mwamba muja. "Liza!"

Berta anatsokomola kamodzi, kenako anabangula mpaka malata a galaja kunjenjemera. Zitseko zikuluzikulu zinatseguka, mphepo yozizira inalowa, ndipo matayala aja anayamba kugudubuzika pang'onopang'ono. Anyamata anathamangira panja akuwomba m'manja. Mkulu wa mgodi anamugwira Majken chanza, akukuwa mawu oyamika amene sanamveke.

Majken anatsala pakati pa galaja, pamalo pamene Berta anaima chisanu chonse. Analira mokweza, pakamwa pali yasa, ngati mwana wotayika pamsika. Injini ya Berta inali ikubangulabe pakhomo, moti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamumva.