Tepi Yopita ku Nathenje

Fanuel, katswiri wa makompyuta, anali atawachenjeza onse pa esiteti ya fodya ija ya ku Mitundu: "Mphezi yatentha makina akale, atsopanowa ndi opanda kanthu. Wina asapite ndi tepi ku Nathenje ine ndisanabwere." Anthu anangoti eya, n'kuiwala. Lolemba m'mawa anamupeza ali kwala mu ofesi, wakufa, atamenyedwa m'mutu ndi chitsulo cha sikelo.

A Isake, wapolisi wofufuza milandu amene imvi anamerera pa ntchito, anayang'ana loko: wosathyoka. Kompyuta: ilipo. Nanga mbava yanji yosiya katundu?

Apolisi anzawo anali atagwira kale Tawina, kalaliki, poti makiyi ankasunga ndiye. Anali pa benchi, khanda likulira kumsana.

"Mayi, tepi imeneyi ndi ya nyimbo?" anafunsa a Isake, atamva za chenjezo la Fanuel lija.

"Ayi bwana. Makina alipo awiri, kuno ndi ku ofesi yathu ya ku Nathenje. Lachisanu lililonse timajambula zonse za kuno pa tepi n'kukathira uko. Awa akapsa, awo atsale."

"Ngati kusunga mbewu m'nkhokwe ziwiri?"

"Eya. Koma mukathira zatsopano, zakale zimafufutika."

A Isake anakanda mutu. Nkhokwe yanji yodya mbewu yake yomwe?

"Bwana, akanditsekera, mwanayu ayamwa kuti?"

Mlonda anawalozera a Isake kwa matenanti, akuti ankadana ndi makinawo. Tsiku linathera m'zigafa, osapeza kanthu. A Matthews, manijala, anati Lachisanu iwo anali kumaliro ku Malingunde, za tepi sakudziwa.

Lachiwiri a Isake anakwera minibasi ya ku Nathenje, asakudziwa n'komwe chimene akukafuna. Maria, kalaliki wa kumeneko, anayatsa makina. Mbee, mulibe kanthu!

"Anabwera ndi tepi ndani?"

"Eni ake a Matthews, Lachisanu, pa njinga yamoto. Ndinawauza kuti ulendo uno zinthu zichoke kuno kupita ku Mitundu. Anandikalipira: 'Iwe, chiyambire liti mwana kulangiza bambo ake? Likulu ndi ku Mitundu!'"

Kupolisi, a Isake anawakokera mpando a Matthews.

"Maliro a ku Malingunde aja anakaikira ku Nathenje, achimwene?"

A Matthews anayamba kuulula.

"Ine ndinachita monga timachitira masiku onse. Ndimati ndikuthandiza. Fanuel atabwera Lamulungu anati ndathira chopanda kanthu pa chodzaza. Mayina a matenanti, mbiri ya minda, ntchito ya zaka, zonse zapita. Ndinamugwadira, mwana ndinamuona akukwawa! Ndinati anene kuti mphezi inafikanso ku Nathenje. Anaseka. Anati mawa akauza mwini esiteti. Ndi pamene ndinatola chitsulo chija."

"Munalowa bwanji?"

"Kiyi wina ndili naye."

"Ndipo mayiyu akumugwira munangoyang'ana?"

A Isake anakamutulutsa okha Tawina dzuwa likupendeka. Za makina sanazimvetsebe bwinobwino, koma munthu wawo anali atamupeza.

"Pitani mayi, ntchito yanu ikudikira."

Tawina anamangitsa chitenje, maso ali ku msewu.

"Aja onse anandiona akundikweza galimoto ndi khanda, palibe anatsokomola n'komwe. Ndiye mawa ndikawapatse moni? Ayi bwana. Tambala akamalira, ine ndikhale ndili pa msewu wa ku Diamphwe, kwa amayi."