Amene Anapha Namwino Keturah

Nthawi inali 7:40 m'mawa wa Lachisanu pamene Sajeni Absalom Nkhwazi anafika pa holo yaing'ono ya ku Spinney Hill. Mtembo wa mayi unali m'munsi mwa masitepe, mutu utatsamira khoma. Dokotala wa apolisi anati mayiyo anamwalira dzulo lake cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo mikwingwirima ya m'mikono inkaonetsa kuti wina anam'gwira mwamphamvu asanagwe.

Anali Keturah Mwafulirwa, namwino wa zaka 52. Lachinayi lililonse ankaphunzitsa anthu ogwira ntchito m'nyumba za okalamba mmene angasamalire munthu amene ali ndi HIV. Kosiyo inkayendetsedwa ndi kabungwe ka Amalawi ndi Azambia okhala kutsidya kwa nyanja kuno, ndi thandizo la boma lodzera ku yunivesite ina.

Absalom anali atagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mlanduwu anam'patsa chifukwa anakulira ku Zomba, poganiza kuti anthu akwawo am'masukira.

Anayamba ndi Henderson Kamwendo, mkulu wa kabungweko.

"Ophunzira analipo angati dzulo?"

"Khumi ndi anayi."

"Ndipatseni mayina."

"Palibe mayina, bwana. M'kaundula muli manambala okha. Keturah ankati tikangolemba dzina, palibe abwerenso. Kuno munthu akakuona ukulowa m'holo muja, pofika Lamulungu tchalitchi chonse chamva kuti uli nako, ngakhale ulibe."

"Woyang'anira holo akuti munakangana naye Lolemba."

"Tinakanganadi. Aboma ankafuna umboni woti anthuwo alipodi, apo ayi mgwirizano utha mu Malichi. Ine ndinati tipereke mayina, iye anakana."

Absalom anaganiza kuti wapeza poyambira. Koma pofika masana zinadziwika kuti dzulo lakelo Henderson anali pamsonkhano ku Nottingham mpaka 7 koloko madzulo, pamaso pa anthu makumi awiri.

Masiku anayi otsatira Absalom anangozungulira m'nyumba za anthu akwawo ku Braunstone. Ankam'landira bwino, kum'patsa tiyi, kum'funsa za kwawo. Akangotchula kosi, nkhope zinkasintha.

"Ife timangomva, achimwene," anatero mayi wina, satifiketi ya kosiyo ili poonekera pamwamba pa filiji.

"Mayi, munthu wafa."

"N'zachisoni. Koma mundikhululukire, shifiti yanga yayandikira."

Absalom analowa m'galimoto n'kukhala osailiza. Anthuwa Keturah ankawabisira mayina, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankafuna kutchula lake.

Lachitatu pa 10:15 anabwerera ku Spinney Hill, nalowa m'butchala yoyang'anana ndi holo ija. Mwini wake, Rubina, anali asanafunsidwe chifukwa kuyambira Lachisanu anali ku Birmingham kwa mwana wake.

"Za imfayo sindikudziwa," anatero Rubina. "Chimene ndikudziwa n'choti Lachinayi munthu wina anaimika galimoto pamalo anga otsitsira nyama. Ndinaijambula kuti ndikadandaule kukhonsolo."

Chithunzicho chinajambulidwa 5:52. Galimotoyo inali ya Maclean Chisale, wa zaka 41, dikoni wa mpingo, wogwira ntchito m'nyumba ya okalamba ku Oadby. Kuntchito kwake anati tsikulo anachoka 5 koloko ponena kuti mutu ukum'pweteka.

Madzulo a tsiku lomwelo, pa 3:30, Maclean anali m'chipinda chofunsira mafunso, loya wake ali pambali.

"Bambo Chisale, mumaphunzira nawo kosi ija?"

"Ayi. Ine zimenezo sizindikhudza."

"Nanga munakatani kuholo?"

"Sindinapiteko."

Absalom anaika chithunzi patebulo. Maclean anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakatenga Thoko, amene ndikufuna kumanga naye banja. Amaphunzira nawo."

"Thoko ndalankhula naye masana ano. Anakwera basi ya 5:20, ndipo samadziwa kuti munabwera. Dokotala wapeza khungu la munthu m'zikhadabo za malemu. Pindani malaya ndione mkono."

Maclean sanapinde. Loya anam'nong'oneza, iye n'kupukusa mutu.

"Keturah ankandidziwa kuchipatala," anayamba motsitsa mawu. "Ndili nako zaka zisanu ndi chimodzi. Mankhwala ndinasiya chaka chatha, atandipempherera kutchalitchi. Keturah ataona khadi la ukwati wathu anandiimbira foni. Anati ndiyambirenso mankhwala ndipo ndimuuze Thoko tisanakwatirane."

"Anati akamuuza yekha?"

"Sananene choncho. Koma sabata iliyonse Thoko ankabwera ndi zatsopano. Tsiku lina anati tikayezetse limodzi, ndi mmene aphunzirira. Ndinadziwa kuti akum'konzekeretsa."

"Ndiye?"

"Ndinadikira onse atuluke. Ndinam'pempha kuti am'chotse Thoko pakosiyo. Anakana. Anati munthu akamamwa mankhwala bwino sapatsira mnzake, ndilibe chifukwa choopera. Ankalankhula ngati ndine mwana wa sukulu. Anatembenuka kuti azitsika, ine n'kum'gwira mikono kuti andimvetsere. Anandikanda. Ndinam'kankha."

"Munaitana ambulansi?"

"Akanandifunsa chimene ndinabwerera."

Absalom anatseka faelo. Dokotala anali atanena kuti Keturah anakhala akupuma pafupifupi theka la ola.

"Phunziro lokayezetsa limodzi lili m'buku la kosi, tsamba 30," anatero. "Analiphunzitsa kwa anthu onse khumi ndi anayi. Thoko sakudziwa kanthu mpaka pano. Wandifunsa ngati mukhala mutatuluka pofika Loweruka, poti muli ndi kokayesa suti."

Maclean anaphimba nkhope ndi manja.

"Zimenezi zikanenedwa m'khoti?"

"Zikanenedwa."

Potuluka, Absalom anapeza Henderson akudikira pabenchi. Anam'fotokozera kuti munthu wagwidwa, osatchula chifukwa.

"A kuyunivesite aimba," anatero Henderson. "Akuti kosi ipitirire, apeza namwino wina wa ku Derby. Ndatumiza uthenga kwa onse pagulu la pafoni la kabungwe kathu kuti mawa tikumane."

"Ayankha angati?"

"Mmodzi. Thoko. Akufunsa ngati angabwere ndi maluwa."