Mbale ya Madzi ya Pearlie

Mmawa umenewo Corinne anapeza mbale ya madzi ya kanjoka kotchedwa Pearlie ili kunja kwa bokosi lake, itavundikiridwa pa shelefu, youma ngati yopukutidwa ndi nsalu. Bokosilo linali lotseka. Chitseko cha kanyumba ka njoka nacho chinali chokhoma monga anachisiyira dzulo lake.

Kanyumbako kanali ka bambo ake, a Royce Tillman, amene ankaweta njoka za m'chimanga kuseri kwa nyumba yawo, kumwera kwa Georgia, kuyambira Corinne asanabadwe. Zinali njoka zofatsa, zopanda ululu, zamawanga ofiira ngati dothi la kumeneko. Bambowo anamwalira m'nyengo yozizira, njoka zonse zili m'tulo tawo ta chaka ndi chaka, ndipo podzuka zinapeza mwana wamkazi ndiye akuzitsegulira. Fungo la utuchi ndi khofi linali lisanachokemo. Corinne akalowa ankayambabe wayang'ana pampando wa pakona, pamene kale ankakhala ali kamtsikana, bambo ake atamuika kanjoka kongoswa kumene m'manja n'kumuuza kuti asafinye.

Pearlie ndiye anali kanjoka ka pamtima pawo. Anaswa pamodzi ndi kamphongo kena, tonse tiwiri tafupi, tonenepa, ndipo zaka zinapita osatalika. Oweta anzawo ankati n'kupinimbira chabe. A Royce ankati ayi, ufupiwo uli m'magazi, ndi mtundu umene munthu sanauonepo, ndipo zidzadziwika tiwirito tikadzabereka. Kamphongoko kanafa katangomukwera Pearlie. Tsopano Pearlie anali atalemedwa ndi mazira, atafundula kale khungu, ndipo thupi lake linali laling'ono kwambiri moti mazirawo akanatha kumukakamira m'mimba. Akafa iye kapena mazira ake, funso la bambo ake lifera pomwepo.

Kunja kunkatentha, choncho Corinne anadzaza mbaleyo n'kuibwezera. Kutacha anaipezanso pa shelefu, yovundikira. Tsiku lotsatira chimodzimodzi.

"Ndi Royce ameneyo," anatero amalume ake a Dewey pakhonde, mkamwa muli chigumu cha chimanga. "Munthu uja anathawa pa phwando la ukwati wake womwe kukaona mazira. Manda angamuletse?"

"Dewey, tadya mwakachetechete," anatero mayi ake a Corinne, a Opal, amene pa zaka zonse za banja lawo sanapondepo m'kanyumbako. Akangoona ngakhale payipi yothiririra maluwa itadzipinda paudzu ankakuwa.

"Ndikunama, achemwali? Tsiku lija keke munadula nokha!"

Komabe pochoka amalumewo anadzera kuseri, nayesa loko ndi mawindo onse osanena kanthu, n'kusiya tochi yawo yabwino pakhomo.

Kutchalitchi nkhani inali itafika kale. Amayi ena anati anaona kuwala kukuyendayenda m'kanyumbako pamene ankachokera kuntchito ya usiku. Ena anati agalu a m'mbali mwa msewu umenewo asiya kuuwa. Ankalankhula motsitsa mawu, Corinne akayandikira n'kuyamba kukamba za mvula.

Usiku wotsatira Corinne anadzitsekera m'kanyumbamo, nakhala pampando wa bambo ake, kuseri kwa filiji yosungira mbewa zodyetsa njoka. Mdima unali wa bii. Filijiyo inkalira pang'onopang'ono, kenaka n'kusiya, ndipo ikasiya pankamveka achule a kudambo ndi kukwawa kwa njoka m'utuchi, m'mabokosi onse nthawi imodzi, ngati munthu akusesa patali. Thukuta linkayenderera kumsana kwake. Nthawi inapita yaitali, mpaka achule aja nawo anakhala chete.

Kenaka udzu unalira panja. Kiyi analowa mu loko, natembenuka mosathamanga.

Chimene chinalowa chinavala jekete la bambo ake, lija long'ambika pa chigongono. Chinaima pakhomo chikupuma movutikira, kenaka chinayenda mokhwekhwereza mapazi mpaka pa bokosi la Pearlie. Corinne anadzuka pampando. Anayatsa tochi.

Anali mayi ake, atavala magolovesi ogwirira mapoto otentha, maso atatsinzina, dzanja likufufuza mbale m'bokosimo.

"Amayi!"

"Yesu wanga! Iwe mwana, ufuna undiphe?" ananong'oneza, madzi akutayikira pa jekete. "Zimitsa chimenecho, ndisaione!"

"Mukutani kuno?"

"Bambo ako anandiuza kuchipatala kuja. Akuti Pearlie akafundula khungu, mbale izichoka usiku. Njoka ikapanikizika imaikira m'madzi, mazira n'kumira. Iwe tsiku ndi tsiku kubwezeramo, ngati ukuchita dala."

"Bwanji osangondiuza?"

A Opal anavundikira mbale ija pa shelefu. "Zaka zonsezi sanandipemphepo kanthu kokhudza zinthu zakezi. Ankadziwa kuti ndimaziopa. Ankavula nsapato pakhomo, kusamba m'manja kawiri asanandigwire. Wandipempha kamodzi kokhaka, ndiye ndikupatsire iwe?"

Corinne anawunika pang'ono m'bokosimo. Pearlie sankaoneka. Anali atalowa m'kabokosi koikiramo mazira, kodzaza ndere zonyowa, kamene Corinne anamuikira sabata yatha, ndipo pa kabowo kake pankaoneka nsonga ya mchira yokha, ikugwedezeka.

"Wayamba," ananong'oneza.

"Ndiye tseka, usamusokoneze. Ine miyendo yakana, sindingathe kubwerera."

Anakhala pansi onse awiri, misana itatsamira chitseko, mumdima. Mayi ake anavula golovesi limodzi n'kumugwira dzanja. Anamuuza monong'ona za tsiku limene a Royce anabwera kudzawafunsira ali ndi kanjoka m'thumba la malaya, chifukwa panalibe wokasiyira. Anaseka mpaka misozi. Palibe amene anagona. Filiji inkalira n'kusiya. Nthawi ina Corinne anamva ngati mpando wa pakona walira pang'ono, ndipo dzanja la mayi ake linamufinya, koma palibe amene anafunsa mnzake.

Kuwala kutayamba kulowa pawindo, Corinne anakoka bokosi, natsegula kabokosi ka ndere. Pearlie anali moyo, wafwapa, atadzikulunga pambali, lilime likutuluka mwaulesi. Pakati pa ndere panali mazira anayi oyera, ang'onoang'ono, onse athunthu.

Corinne anatenga pensulo. Dzira la njoka silitembenuzidwa, likatembenuka mwana amafera mkati, choncho woweta amalemba chizindikiro pamwamba asanalinyamule. Anawerama, kenaka dzanja lake linaima m'malere.

Dzira lililonse linali nacho kale. Kamtanda kakang'ono ka pensulo, kopendekera kumanzere.

"Amayi," anatero. "Tabwerani muone."

A Opal anayandikira, kwa nthawi yoyamba maso ali otsegula, nayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo ako anali amanzere," anatero pomaliza, mawu ali pansipansi. "Nyamula bwino, mwanawe. Usatembenuze."