Mtendere wa pa Telefoni

Pakhomo pa a Justino, kufupi ndi misoni ya Fonte Boa, munthu wokhala ndi nkhawa sankabwerera osamvedwa. A Justino anali mmodzi wa anthu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerera anapeza munda wa makolo awo akulima anthu ena. Sanatole nkhwangwa. Anakhala pansi ndi anthuwo mpaka anagawana malire, ndipo kuchokera apo okangana ambiri ankabwera kudzakhala pakhonde pawo. Akazi awo, amayi Amélia, ankalima kachewere ndi kuyimba kwaya ku tchalitchi. Ana a m'nyumbamo anakula akuuzidwa kuti bodza ndi kuba n'zapachibale.

Mwana wawo wamwamuna, Nércio, atamaliza sikola ku Ulongwe anapeza ntchito imene anzake ankaisirira. Bungwe lina lothandizana ndi mipingo linali ndi pulojeto yoteteza ufulu wa anthu ndi kuyanjanitsa okangana, makamaka pa nkhani za minda. Amkhalapakati a bungwelo ankakhazika anthu pansi mpaka agwirane chanza. Koma kugwirana chanza pagulu n'kwina, kukhalirana bwino alendo atapita n'kwinanso. Choncho panafunika munthu woti azibwerera m'midzi kukaona ngati pangano likusungidwa. Munthuyo anali Nércio.

Shefe wake, a Dona Cristina, anamupatsa mota ndi telefoni, namuuza kuti iye ndiye maso a pulojeto yonse. Iye akanena kuti kwinakwake zili bwino, amkhalapakati azichokako n'kupita kumene kwavuta.

"Usamafunse wamphamvu yekha," anatero a Dona Cristina. "Uzifika pakhomo pa wolakwiridwayo, ukhale pansi, umve m'kamwa mwake."

Miyezi yoyamba Nércio anagwira ntchito ngati mwana wa bambo ake. Kenaka mvula inayamba. Njira za kumapiri zinasanduka phala, ndipo tsiku lina atagwa ndi mota m'matope anakhotera ku Kalomwe, pa malire a dziko la Malawi, kuti akaume. Kumeneko anakumana ndi Sozinho, mnzake wa kusikola, amene tsopano ankagulitsa mowa pa baraka pafupi ndi pamene malole amaima. Sozinho anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka.

"Matope onsewa ukuwapondera ndani? Telefoni anakupatsira chiyani? Imba, funsa, uwauze kuti zili bwino. Mashefe amakonda nkhani yozuna, ndipo mtendere suyezedwa pa sikelo ngati nyemba."

Nércio anayamba wakana, koma botolo linali kale m'manja mwake. Tsiku limenelo anayenera kupita ku Lifidzi kukaona amayi Argentina, mayi wamasiye amene anali asanakumanepo naye. Amayiwa anakwatiwa chitengwa, ndipo amuna awo atamwalira, alamu awo a Gaspar anafuna kuwalanda munda ndi nyumba. Amkhalapakati anaiweruza nkhaniyo, a Gaspar navomera pamaso pa anthu kuti amayiwo ndi ana awo akhalebe pamalopo. Vuto linali lakuti amayi Argentina analibe telefoni. Amene anali nayo anali a Gaspar.

Nércio anaimba. A Gaspar anayankha ndi mawu otsekemera kuti akukhala ngati ana a mimba imodzi, ndipo alamu awowo akunenepa. Nércio anawauza a Dona Cristina kuti wafika ku Lifidzi, waona ndi maso ake, pangano likusungidwa. Palibe chimene chinachitika. Thambo silinagwe. Mawa lake anachita chimodzimodzi ndi mudzi wina, ndipo posakhalitsa baraka ya Sozinho inasanduka malo ake a ntchito. Poti ankangomva zabwino, a Dona Cristina anatseka nkhani ya ku Lifidzi n'kutumiza amkhalapakati kudera lina.

A Justino sanachedwe kuona. Madzulo ena dzuwa lisanalowe, Nércio akuimika mota pabwalo, anamufunsa kumene akuchokera. Iye anati ku Lifidzi.

"Mota yochokera ku Lifidzi nyengo ino siibwera yoyera chonchi," anatero a Justino. "Ndipo m'kamwa mwakomo simukununkha njira."

Nércio sanagwetse nkhope. Anawauza bambo ake kuti ntchito za masiku ano sazidziwa, kuti dziko linapita patsogolo, ndipo nkhondo imene amangoitchula inatha iye asanabadwe.

"Mfuti ndi zimene zinatha," anayankha a Justino. "Nkhondo imayambira pa malire a munda, pamene wina akulira ndipo wotumidwa kukamva sanapite."

"Ababa, pakhonde panu pano ndi panu. Pulojeto ndi yanga."

Amayi Amélia anamuchonderera kuti asayankhe bambo ake motero, koma iye analowa m'nyumba akuimba mluzu.

Lamulungu lina Nércio atabwera kuchokera ku Misa, anapeza mayi wina wamtali atakhala pamphasa ndi amayi ake, mapazi atatupa ndi ulendo. Anali amayi Argentina. Anali atafunsafunsa mpaka kupeza kwawo kwa mnyamata wa pulojeto. Sanalire. Anafotokoza mwadongosolo kuti a Gaspar anazula mitengo ya m'malire, analowetsa ng'ombe m'nyemba zawo, ndipo tsopano akunena kuti adzasasula malata a nyumba chifukwa anagula ndi mbale wawo. Anati mwana wawo Tiago, amene wangofika pa msinkhu wa unyamata, wayamba kuyenda nsagwada zitalimba, ndipo akuopa zimene angachite.

Nércio anaona bwinobwino kuti akanena zimenezi kwa a Dona Cristina, bodza lake lionekera poyera, ndipo mota ndi ulemu zipita. Anasankha kuuma mtima.

"Amayi, nkhani yanu inatsekedwa. Zokangana za ng'ombe sizikhudza pulojeto."

"Anaitseka ndani, ine ndisanafunsidwe?" anafunsa amayi Argentina. "Chabwino. Ine pamalo paja sindichoka. Amuna anga agona pomwepo, ndipo ana anga anabadwira pomwepo. Ndabwera kuti mawa musadzanene kuti simunamve."

Anadzuka, natsazika eni nyumba mwaulemu, nauyamba ulendo wobwerera. Amayi Amélia anawaperekeza misozi ili m'maso. A Justino anauza mwana wawo kuti akapanda kukaulula yekha, iwo akaulula.

"Pitani," anatero Nércio. "Tione ngati adzamvere mlimi kusiya munthu wawo."

Anamanga chikwama pa mota n'kusamukira kwa Sozinho. A Justino anakweradi njinga kupita ku Ulongwe, koma anapeza a Dona Cristina atatsikira ku Tete kukachingamira alendo, anthu a bungwe lopereka thandizo amene ankabwera kudzaunika ngati pulojeto ikuthandizadi anthu.

Sabata yomweyo telefoni ya Nércio inalira ali pa baraka. A Dona Cristina anali okondwa. Anati alendo amva za mayi wamasiye wa ku Lifidzi amene akukhala mwamtendere ndi alamu ake, ndipo akufuna kukamuona okha. Nércio atsogolere galimoto, popeza ndiye wodziwa njira.

Anayesa kuimbira a Gaspar kuti akonzekere, koma telefoni yawo sinkalowa. Sozinho anamulimbitsa mtima kuti alendo amangofuna kujambula zithunzi ndi kuomberedwa m'manja. Choncho m'mawa wa tsikulo Nércio anavala malaya oyera, nakwera mota patsogolo pa galimoto ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Mpaka ku Lifidzi msewu unali umodzi. Vuto linayamba pamphambano ya tinjira ta m'minda. Anakhotera kumanja, nakathera pa khola la ng'ombe la munthu wina. Anati mvula yasintha njira. Anabwerera, nakhotera kumanzere, nakafika pa dambo. A Dona Cristina anasiya kumwetulira. Woyendetsa galimoto anatsika kukafunsa amayi amene ankatunga madzi pa mjigo. Amayiwo atamva dzina la Argentina anayang'anana, ndipo mmodzi anangoloza ndi dzanja.

Nyumba anaipeza ilibe theka la denga. Malata anali mbwee pabwalo, ndipo anthu a m'mudzi anali ataima patali m'timagulu. Mkati mwa nyumba, pansi pa thambo, amayi Argentina anali atakhala pa mpando ndi ana awo aang'ono.

Mkulu wina wa mpingo anafotokozera alendo zimene zinachitika. A Gaspar anabwera ndi anyamata kudzasasula denga. Amayi Argentina anaima pakhomo kukana kutuluka, a Gaspar nawakankhira pansi. Tiago anatola mpini wa khasu, namenya nawo a Gaspar. Tsopano a Gaspar anali ku chipatala osalankhula, ndipo Tiago anali m'manja mwa apolisi.

Maso onse anatembenukira kwa Nércio. Ngakhale pamenepo iye anatukula chifuwa.

"Izi zangochitika kumene," anatero. "Ine ulendo womaliza ndinasiya zonse zili bwino."

Amayi Argentina anaimirira, natuluka pang'onopang'ono mpaka kudzaima patsogolo pake.

"Munasiya liti, achimwene? Phazi lanu laponda pabwalo pano lero. Ine ndi amene ndinayenda mpaka kwanu, ndipo munandibweza pamaso pa amayi anu okuberekani. Nenani kuti ndikunama."

Nércio anagwetsa nkhope. A Dona Cristina anamufunsa ndi mawu otsika za midzi inayo, ngati anafikako. Anatchula mudzi wina, iye napukusa mutu. Anatchula winanso, chimodzimodzi. Mmodzi wa alendowo anabweza kamera yake m'chikwama.

"Mwabwera kudzaona mtendere," amayi Argentina anauza alendowo. "Uwoneni. Koma mukauze okutumani kuti sindinathawe, ndipo sindithawa."

Mota anamulanda pomwepo. Alendo anaimitsa thandizo mpaka nkhani zonse zimene Nércio anatseka zitaunikidwanso, ndipo zitaunikidwa anapeza mayi wina wamasiye atathamangitsidwa kale, ndi banja lina litagulitsa mbuzi kuti lithawire ku Dedza. Amkhalapakati amene anagwira ntchito mokhulupirika anakhala pakhomo miyezi yambiri chifukwa cha bodza la munthu mmodzi. A Gaspar anamwalira ku chipatala.

Nércio anapita ku Kalomwe wapansi. Sozinho atamuona wopanda mota anati chipinda chija akufuna kusungiramo katundu.

"Ine ndinangokupatsa nzeru," anatero. "Wonama unali iwe."

Anazungulira pa malire masiku angapo akunyamulira amalonda matumba, anthu akumuloza zala. Mumtima ankadzilimbitsabe kuti sanamenye munthu, sanasasule denga, mpini anatola ndi Tiago. Koma akaona mnyamata wa msinkhu wa Tiago akupalasa njinga momasuka, mawu amenewo sankamutonthozanso. Potsiriza anabwerera ku Fonte Boa. Amayi ake anamupatsa madzi osamba. Bambo ake anamulola kulowa, koma anamuuza kuti pakhomo popepesa si pamenepo.

Mawa lake anayenda wapansi mpaka ku Lifidzi, ndipo ulendo uno njira sanaifunse kawiri. Anagwada pabwalo, navomera zonse popanda kuchotsapo kanthu. Amayi Argentina anamumvetsera osasiya kusankha nyemba zochepa zimene ng'ombe zinasiya.

"Misozi yanu situlutsa mwana wanga," anatero. "Ngati mwalapadi, mukaime kutsogolo kwa woweruza, mukanene kuti ndinapempha thandizo ndipo munandikaniza."

Anthu anamuchenjeza kuti akatero dzina lake lidzaipa m'boma lonse, ndipo palibe bungwe lidzamulembenso ntchito. Nércio anapitabe. Anaima pamaso pa woweruza, bambo ake atakhala kumbuyo, nanena kuti ankaimbira wolakwa m'malo mokaona wolakwiridwa, kuti anachenjezedwa za Tiago, ndipo anasankha kuteteza bodza lake. Umboniwo unachepetsa chilango, koma sunachichotse. Tiago anapita kundende akadali mnyamata, ndipo ana a Gaspar anakula opanda bambo. Amayi Argentina anakhalabe pamalo pawo. Nércio anathandiza kukhomanso malata, iwo namupatsa chakudya monga amachitira ndi aliyense wogwira ntchito, koma sanamuuze kuti zatha, chifukwa zinali zisanathe.

Lero Nércio amalima kachewere m'munda wa makolo ake. Ntchito ya bungwe sanaipezenso.

Ananu, ulesi umayamba ngati kupuma pang'ono, kenaka umafuna bodza loti uphimbire, ndipo bodzalo limafuna mtima wouma woti uliteteze. Mukatumidwa kukaona, pitani mukaone. Mukatumidwa kukamva, khalani pansi mumve wofooka. Musanene kuti kuli mtendere kumene simunafike, pakuti wolirayo akatsekeredwa pakamwa ndi bodza lanu, magazi amene adzakhetsedwe adzafunsidwanso kwa inu.